Cakudya Conyowa Cisagone m'Mbale ya Ana a Bakha

Anzathu acikumbi a cimanga ndi fodya, mau athu lero ali pa ciweto cimene ambiri tiri naco pa khomo, koma sitimaciwerengera pamodzi ndi cuma cathu, ndico bakha. M'nyengo ya kutentha kwa Okutobala ndi ya mvula zoyamba, m'midzi yambiri timaona bakha wamkazi alikutsogolera mzere wa ana khumi kapena oposa. Pakutha kwa mwezi mzere uja umakhala utafupika kwambiri. Mwini akafunsidwa amati, "Anatha ndi mphamba," kapena, "Inalowa mphepo yoipa." Mphamba ndi khwangwala amatengadi gawo lao, koma ife tinena kuti imfa ya ana ambiri imayambira m'mbale momwe timawadyetsera.

Cimene tifuna kunena ndi cimodzi: cakudya conyowa cisagone m'mbale. Nchenche ndi mphutsi zimene timaziona mu gaga wa ana a bakha sizibwera mwa tsoka iai. Zimaitanidwa ndi cakudya cotsala, conyowa ndi cofunda. Cifukwa cace mankhwala ace eni-eni sagulidwa ku sitolo. Mankhwalawo ndiwo muyeso pogawa, kuuma posunga, ndi ukhondo pa malo odyera.

Mtengo wace wa mwana wa bakha

Bakha wathu wa pa mudzi, uja wa nkhope yofiira, m'mabuku a za ziweto amachedwa Muscovy. Kwao kweni-kweni ndi ku maiko otentha a ku America, mbali yomweyo ya dziko kumene kunacokera cimanga ndi fodya. Nkhuku imakhalira mazira masiku 21, koma bakha ameneyu amakhalira masiku 35, ndiwo masabata asanu athunthu. Cotero mwana ali yense pa tsiku la kuswa kwace tamlipira kale: masabata asanu amene mace anakhala pa cisa osaikira, ndi gaga yense amene tinamdyetsa maceyo.

Citopa cikalowa m'mudzi ndi kusesa nkhuku, abakha ambiri amatsala ali moyo. Ndiponso ana oswedwa mu Okutobala kapena mu Novembala amakhala atakula m'miyezi ya Febuluwale ndi yotsatira, nthawi imene nkhokwe yapepuka, ndalama za fodya wa caka catha zinatha kale, ndipo fodya watsopano akali m'cigafa, sanafike ku okushoni ku Limbe kapena ku Kanengo. Pa nyengo yotere abakha awiri otengera ku msika amagula mcere, sopo ndi makope a ana a sukulu, kapena amalipira aganyu othyola fodya. Munthu amene ataya ana asanu ndi atatu mu Novembala wataya ndalama za Febuluwale, ngakhale iye sadziwa kuti wataya.

M'mene mphutsi zimafikira m'mbale

Nchenche ya m'nyumba imaikira mazira pafupi-fupi 100 nthawi imodzi, ndipo pa moyo wace itha kuikira mazira ofika 500. Mazirawo ndi oyera, aang'ono kwambiri, ndipo imawabisa m'ming'alu ya cinthu conyowa cimene cirikuyamba kuola. Kunja kukatentha amaswa tsiku lisanathe. Mphutsi zimadya ndi kukula masiku 3 kufikira 7, kenaka zimatsikira m'dothi louma pang'ono pansi pa mbale kapena m'mbali mwace, ndi kudzitsekera m'tizikamba tofiirira. M'tizikamba timeneti ndimo mumatuluka nchenche zatsopano. Ulendo wonse, kucokera pa dzira kufikira pa nchenche youluka, umatha m'masiku 7 kufikira 10 pa nyengo yotentha.

Tiyeni tiwerenge masiku. Gaga wonyowa watsala m'mbale Lolemba m'mawa. Masana nchenche zaikira. Laciwiri mphutsi zayamba kuyenda. Loweruka zalowa pansi. Lacitatu la sabata yotsatira zatuluka nchenche zatsopano, ndipo posacedwa nazonso zifuna poikira. Tsono taonani pamene pali kufooka kwa mdani ameneyu. Dzira lifuna cinyezi kuti liswe, ndipo mphutsi ifuna masiku angapo a cakudya conyowa cosasokonezedwa. Pa gaga wouma nchenche ingatere, koma ana ace sakulirapo. Mbale yotsukidwa madzulo ali onse siingalere nchenche ndi imodzi yomwe.

Bvuto ndi lakuti bakha sadya monga nkhuku. Nkhuku imajompha kamodzi-kamodzi, ndipo imasiya pouma. Bakha amakapa cakudya ndi mlomo wace wophwatalala ngati fosholo, amathamangira ku madzi kukameza ndi kutsukuluza, nabwerera ku mbale mlomo ulikudontha. Pakapita kanthawi gaga wasanduka phala, madzi akumwa asanduka phala, ndi dothi la pakati pace lasanduka matope osakanikira ndi zitosi. Ameneyo ndiye malo amene nchenche imafuna.

Ndipo nyengo imene ana a bakha amaswa ndiyo imene ife tiribe mpata. Kuli kuthirira nazale, kuli kuokera, kupalira ndi kubandira, kenaka kuthyola ndi kusoka fodya. Banja lonse limacoka mbanda kuca. Mai pofuna kuti tiana tisagone ndi njala amakandira gaga beseni lodzala, kuti tidye tsiku lonse. Mtima wace ndi wabwino ndithu, koma pofika masana gaga uja wasasa, ndipo wadyetsa nchenche zambiri kuposa abakha.

"Kodi mphutsi si ndiwo za bakha?"

Alipo ambiri amene adzatiyankha kuti, "Bakha amakonda mphutsi, ndipo zimamnenepetsa. Cifukwa ninji tizithamangitse?" Mau amenewa sali opanda nzeru. Mphutsi ndi nyama ndithu, ndipo muli zomanga thupi zambiri. Koma cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Tiri ndi zifukwa zitatu zokanira mphutsi zongodzimerera pa khomo.

Coyamba, mphutsi ya m'mbale siibweretsa kanthu kocokera kunja. Thupi lace lonse ndi gaga wathu yemwe, ndipo gawo lalikulu la gagayo latha ndi kuola, kusasa ndi kununkha. Zambiri mwa mphutsizo zimathawira pansi bakha asanazione, ndi kubwerera ngati nchenche zimene zimayenda kucokera ku zitosi ndi ku cimbudzi kudzatera pa nsima ndi pa nkhope za ana athu, zitanyamula tizirombo ta matenda otsegula m'mimba.

Caciwiri ndico coopsya koposa. Kuli kacirombo kosaoneka ndi maso kochedwa Clostridium botulinum, kamene kamakhala m'dothi ndi m'matope. Kakapeza cinthu coola cofunda, m'kati mopanda mpweya, maka-maka nyama yakufa, kamatulutsa ululu wamphamvu kwambiri. Mphutsi zikamadya nyama yotere sizifa nao ululuwo, koma zimausunga m'matupi mwao. Mphutsi zitatu kapena zinai zotere zikhoza kupha bakha wamkulu. Nanga kamwana ka masabata awiri? Nthenda yace madokotala a ziweto amaicha botulism. Bakha amayamba kulephera kuyenda, mapiko amagwa, zikope zimatsinzina, ndipo potsiriza khosi limangoti lende, osatha kudzutsa mutu. Akakhala pa madzi amamira. Akafa ndi kusiyidwa pa mtunda, nchenche zimaikiranso pa iye, anzace amadya mphutsi zace, ndipo imfa imapitirira. Nzeru imeneyi si ya dzulo. Mu 1922 mai wina wa ku America wophunzira za tizirombo, dzina lace Ida Bengtson, anapeza mtundu wa kacirombo kameneka m'mphutsi za nchenche zobiriwira, zija zimatera pa nyama yoola.

Tinene zoona: mphutsi za mu gaga yekha siziri zoopsya monga za m'mtembo. Koma bakha sasankha, ndipo nchenche zimene talera m'mbale ndizo zidzadzaza khomo lonse. Ndiponso m'cakudya ca tiana timathiramo usipa kapena nyenyeswa za ndiwo, ndipo cakudya cotere cikaunjikana pansi pa mbale masiku angapo cimaola ngati nyama. Kumbukiraninso kuti nyengo ya citopa nkhuku zakufa zimangoponyedwa ku dzala kapena ku chire la kuseri kwa nyumba. Abakha amene anapulumuka citopa amapita kumeneko kukatola mphutsi, ndipo amafa ndi nthenda yina. Anthu amati citopa cafika kwa abakha, pamene cawapha ndi mtembo wosakwirira.

Cuku

Cifukwa cacitatu ndi cuku. Kumene kuli mphutsi kuli cinyezi, ndipo kumene kuli cinyezi ndi kutentha cuku cimamera. Mtundu wina wa cuku, wochedwa Aspergillus flavus, umamera pa cimanga ndi pa mtedza, ndi kusiyamo ululu wochedwa aflatoxin, umene umaononga ciwindi. Anthu anaudziwa ululu umenewu cifukwa ca mbalame zoweta. Mu 1960 ku England kunafa nkhukundembo zoposa 100,000 zitadya cakudya cosakaniza ndi mtedza wogaya wocokera ku Brazil, ndipo pa nyengo yomweyo ana a bakha anafanso ndi mtedza wa cuku ku Kenya ndi ku Uganda. Pofufuza kunapezeka kuti mwana wa bakha amagwidwa msanga kuposa mwanapiye wa nkhuku, kotero kuti akatswiri ankayesera pa ana a bakha ongoswa pofuna kudziwa ngati cakudya ciri ndi ululuwo.

Nkhani iyi itikhudza ife kwambiri, pakuti tiri ndi cizolowezi cosankhula cimanga coola ndi mtedza wonyala ndi kunena kuti, "Izi ndi za ziweto." Ndiponso pokonola, gawo lalikulu la ululu umene unali pa njere limacoka pamodzi ndi gaga. Ufa wathu umayera, koma gaga wa cimanga coipa amatenga zoipazo. Ululu umenewu sutha ndi kuphika, sutha ndi kuyanika pa dzuwa. Gaga wogwirana zibuma, wa maanga obiriwira kapena akuda, wa pfungo la nkhungu, apite ku dzenje la manyowa. Asapite kwa tiana.

Mankhwala a ku munda asafike ku khola

Ena adzati, "Tiri ndi mankhwala otsala a ku nazale, tingopopera pang'ono m'mbali mwa mbale." Iai, abale. Safunsa anadya phula. Mankhwala a mbozi za fodya ndi za cimanga anapangidwa kuti aphe, ndipo kamwana ka bakha kamene kamasefa matope ndi mlomo tsiku lonse kadzawameza. Mankhwala a ufa othira m'cimanga posunga, monga Actellic, anapangidwira anankafumbwe a m'thumba, ndipo sayenera kuthiridwa m'mbale ya ziweto. Zinyenyeswa za fodya nazonso musawaze pa malo odyera poyesa kuingitsa nchenche, pakuti nikotini wa mu fodya ndi ululu kwa tiana. Cigubu kapena citini cimene munali mankhwala cisasanduke comwera, ngakhale mutacitsuka kangati.

Cinanso, nchenche siigonja ndi mankhwala nthawi yaitali. Pamene DDT anayamba kugulitsidwa anthu anayesa kuti nchenche zatha. Pofika 1946 ku Sweden kunapezeka kale nchenche zosafa naye, ndipo m'zaka zotsatira zinapezeka m'maiko ambiri. Mu 2001 maiko anapangana ku Stockholm kuti DDT asagwirenso nchito pa ulimi. Ciweto coswana m'masiku khumi cimasintha msanga kuposa m'mene ife tingasinthire mankhwala. Koma palibe nchenche imene inaphunzira kulera ana ace pa mbale youma.

Neti ya udzudzu nayo malo ace ndi pa mphasa ya ana athu. Iri ndi mankhwala, ndipo kuicotsa m'nyumba kukachingira abakha ndiko kugula bakha ndi malungo a mwana.

Cimene tiyenera kucita

Coyamba ndi muyeso. M'masabata awiri oyamba apatseni tiana cakudya kanai kapena kasanu pa tsiku, ndipo pambuyo pace katatu. Nthawi iri yonse ikani cokwanira kuti amalize m'mphindi 15. Akasiya, mwaculutsa, mawa cepetsani. Cotsala musacisunge kuti adye madzulo. Cipatseni abakha akulu-akulu kapena nkhumba nthawi yomweyo, kapena cikwirireni.

Caciwiri ndi kanyowetsedwe. Gaga, amene ena amati madeya, asakhale phala. Wazani madzi oyera pang'ono, sakanizani, ndipo fumbatani dzanja limodzi. Madzi akadontha pakati pa zala, aculuka. Akakhala cibuma cimene cimamwazika mukacikhudza ndi cala, ndiye bwino. Inu a fodya muyeso uwu mumaudziwa, pakuti ndi manja omwewo mumayesa tsamba musanadinde: louma kwambiri limaphwanyika, lonyowa limaola m'belo. Musakandire ndi matsukwa, ndipo masese a mowa musapatse tiana. Mkute ukakhala wosasasa, unyemeni tizidutswa ndi kupereka wokwanira kutha pomwepo.

Cacitatu ndi kasakanizidwe. Mwana wa bakha m'masabata oyamba afuna cakudya cimene magawo pafupi-fupi 20 pa 100 ndi zomanga thupi, pamene mu gaga muli pafupi-fupi magawo 10 okha. Mbale ziwiri za gaga wosakaniza ndi mgaiwa, ndi mbale imodzi ya soya wokazinga ndi wogaitsa, zimafika pafupi ndi muyeso umenewo. Soya wosakazinga amabvuta m'mimba. Onjezani masamba a bonongwe kapena nkhwani odula bwino. Koma dziwani kuti cakudya cikakoma kwa bakha cakomanso kwa nchenche, ndipo cimaola msanga. Cifukwa cace usipa wosinja usungidwe pa wokha m'botolo lotseka, ndipo uthiridwe kapini kamodzi kapena tiwiri pa nthawi ya kudya yokha.

Cacinai ndi madzi. Bakha asadye popanda madzi pafupi, pakuti angatsamwidwe. Koma comwera cisagundane ndi codyera. Cikhale patali ngati mita imodzi, kuti mlomo udonthere pa njira. Madzi akhale okwanira kumiza mlomo kufikira mphuno, koma muikemo miyala kuti tiana tisalowemo ndi thupi lonse. Pansi pa comwera yalani miyala ing'ono-ing'ono kapena mcenga, kapena cikhazikeni pa kathandala ka nsungwi pamwamba pa kadzenje, kuti madzi otayika alowe pansi. Sinthani madzi kawiri pa tsiku.

Cacisanu ndi mbale. Khalani ndi ziwiri. Pamene ina irikugwira nchito, inzace ikhale itatsukidwa ndi phulusa ndi kuyanikidwa cozondoka pa thandala. Phale losweka m'mbali ndi mtengo wosema wa ming'alu zimabisa zotsala. Nsungwi yong'amba pakati yosalala kapena mbale ya citsulo ndi yosabvuta kutsuka. Codyera copapatiza, coti tiana tilowetse mitu yokha, ciposa beseni limene timakweramo ndi mapazi ndi kunyeramo. Sunthani malo odyera tsiku ndi tsiku, sesani zogwa pansi, ndipo pamene panyowa wazani phulusa kapena dothi louma.

Cacisanu ndi cimodzi ndi kasungidwe. Pokonola, kaya mu mtondo kaya ku cigayo, cimanga cimathiridwa madzi, cotero gaga watsopano amakhala ndi cinyezi ngakhale aoneke wouma. Mukammanga m'thumba tsiku lomwelo, mawa mudzapeza m'kati mwatentha. Myanikeni pa mphasa mopyapyala mpaka aume gwa, ndipo pamenepo mumthire mu mtsuko, m'ndowa kapena mu mgolo wa cibvundikiro cokhala bwino. Cosungiraco cikhale pa miyala kapena pa thandala, cosatsamira khoma, kutali ndi podontha, kutali ndi fetereza ndi mankhwala. Potapa gwiritsani nchito kapu youma, ndi kubvundikira nthawi yomweyo. M'dzinja musasunge gaga wambiri. Ndi bwino kukhala ndi wa masabata awiri kapena atatu.

Cacisanu ndi ciwiri ndi zitosi ndi mitembo. Zitosi za bakha ndi zamadzi-madzi, ndipo udzu wogonera umanyowa msanga. Ucotseni kawiri pa sabata, mphutsi zisanakhwime, ndi kuuthira ku dzenje la manyowa kutali ndi khola. Pamwamba pace fotserani dothi. Mulu wa manyowa wotembenuzidwa bwino umatentha m'kati ndi kupha mphutsi, ndipo manyowa ace adzabwerera ku dimba. M'mawa uli wonse wina ayendere khomo ndi kuseri kwa nyumba. Khoswe wakufa, cule, njoka yophedwa, nkhuku ya citopa, dzira losukusa losweka m'cisa, matumbo a nsomba: zonsezi zitenthedwe, kapena zikwiriridwe m'dzenje lakuya lofika m'maondo kapena kuposa, ndi kutsenderapo miyala kuti agalu asafukule.

"Nthawi tiitenga kuti?"

Ili ndilo funso lolemera, ndipo sitilipeputsa. Munthu amene ali ndi ekala ya fodya yodikira kuthyola sangabwerere ku mudzi kanai pa tsiku cifukwa ca abakha. Yankho lathu liri pawiri. Ngati pa khomo patsala agogo, kapena mwana wopita ku sukulu ndi kubwera masana, nchito iyi ipatsidwe kwa iye ndi dzina, pamodzi ndi kacitini koyesera, kuti asamangoganizira. Mwana amene walonjezedwa bakha mmodzi wace-wace pa gulu limenelo sadzaiwala. Ngati pa khomo sipatsala munthu, cakudya ca usana cikhale couma. Ikani gaga wouma wa muyeso wa theka la tsiku m'codyera copapatiza, pa mthunzi posafika mvula, madzi ali poteropo. Conyowa mupereke m'mawa musanacoke ndi madzulo mutabwera, pamene maso anu alipo. Walira mvula walira matope: amene afuna abakha a Febuluwale alole kabvuto aka, ndipo nthawi yace yoopsya ndi masabata atatu kapena anai oyamba okha.

Akapyola msinkhu umenewo, abakha amasanduka athandizi athu pa nkhondo yomweyi. Muscovy ndi mlenje wa nchenche. Mu 1990 akatswiri a ku Guelph, m'dziko la Canada, analemba kuti abakha a mtundu uwu anagwira nchenche msanga kwambiri kuposa misampha yogula. Cotero amene asunga tiana bwino mwezi woyamba adzakhala ndi alonda pa khola la ng'ombe ndi la mbuzi miyezi yotsatira.

Kwa iwo amene afunadi kudyetsa mphutsi, njira yabwino iripo, koma ndi ulimi wa pa wokha. Kuli nchenche yina yakuda, yooneka ngati mabvu, yochedwa black soldier fly, imene siikonda kulowa m'nyumba kapena kutera pa nsima. Mphutsi zace zimaweteredwa dala m'mabokosi pa zotsala za masamba ndi zipatso, kenaka zimakololedwa, kuthiridwa madzi otentha ndi kuyanikidwa. Bungwe la icipe ku Nairobi lakhala likuphunzitsa alimi njira imeneyi, ndipo maiko a European Union analola mu 2021 kuti zakudya za nkhuku ndi nkhumba zisakanizidwe ndi ufa wa tizirombo toweta. Kusiyana kwace ndi uku: mlimi wotere adziwa cimene mphutsi zace zadya. Za ku dzala palibe adziwa. Njira yopacika nyama yoola kuti mphutsi zizigwera ziweto tiikana ndithu.

Mwana akadwala

Mukaona kamwana kagwa khosi mwadzidzidzi, yambani mwatsekera gulu lonse, ndipo funani cimene adya. Tayani cakudya cimene ciri m'mbale, tsukani ziwiya, fufuzani mtembo. Wodwalayo muikeni pa mthunzi, kutali ndi madzi akuya, ndipo mumdonthezere madzi oyera kukamwa pang'ono-pang'ono, mutamgwira mutu kuti asatsamwe. Amene anameza ululu wocepa amatha kucira pakapita masiku. Miyendo ikamafooka ndi kupindika pang'ono-pang'ono pa masabata, khosi liri bwino, kawiri-kawiri ndi njala ya vitamini wochedwa niacin, amene abakha amamfuna kwambiri ndipo sampeza mokwanira m'cimanga cokha. Usipa ndi nsinjiro za mtedza wabwino zimathandiza. Abakha akafa ambiri pa tsiku limodzi kapena awiri, uzani alangizi a ziweto msanga, pakuti kuli matenda ena opatsirana amene afuna kudziwika. Mbalame yofa yokha isadyedwe ndipo isagulitsidwe.

Anzathu, palibe mcikumbi wa fodya amene amathira madzi a sabata yonse pa nazale tsiku limodzi kuti apumule. Amathirira m'mawa ndi madzulo, pang'ono-pang'ono, cifukwa adziwa kuti mbande ikaonongeka caka caonongeka. Masabata oyamba a mwana wa bakha ndiwo nazale yace. Tiyeni tiwasamale ndi nzeru yomweyo. Dzuwa likapendeka, musanatseke khola, yang'anani m'mbale: ngati muli cotsala conyowa, cicotseni, tsukani mbaleyo, ndi kuizondotsa pa thandala kufikira m'mawa.